Mafunso a Ojambula: Nkhope Zakuda Bii, Magetsi Ophethira ndi Mawu Osamveka

Makalata a mwezi uno achokera kwa ojambula pa maukwati, ojambula mapemphero, ndi achinyamata amene ayamba kupanga timafilimu tatifupi ndi anzawo a m'dera. Ambiri akudandaula kamera, koma tikawerenga bwino tikupeza kuti vuto lagona pa kuwala, pa mawu ndi pa kasamalidwe ka zipangizo. Mafunso tawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Ndimajambula pa zinkhoswe ndi maukwati ndi kamera ya Canon. Anthu akatuluka m'tchalitchi cha m'ma 12 koloko, nkhope zimatuluka zakuda bii, maso ngati alowa m'kati, pomwe diresi la mkwatibwi langoti mbee, maluwa osokedwapo osaoneka. Kodi kamera yanga ndi yofooka? Wojambula wa ku Balaka

YANKHO: Kamera yanu ilibe mlandu, achimwene. Kuno kwathu dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni, makamaka kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale. Kuwala kumagwera pamphumi, pamphuno ndi pamapewa, ndipo nsidze zimaponya mthunzi m'maso. Ndiye pali diresilo. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati. Ikaona nsalu yoyera yadzaza theka la chithunzi imayesa kuti kwawalitsa, imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda. Inu mukawonjezera kuti nkhope zioneke, diresi limapsa. Diresi loyera lili padzuwa ndi nkhope yakuda ili mumthunzi n'zotalikirana kwambiri moti kamera singazisenze zonse pa chithunzi chimodzi. Musataye nthawi ndi mabatani, asuntheni anthuwo.

Alowetseni mumthunzi wathunthu: pakhonde la tchalitchi, kumbali ya khoma kumene dzuwa silikufika, kapena pansi pa mango wa masamba othithikana. Mitengo ya masamba apatalipatali ngati jakaranda ipeweni, chifukwa imasiya mawangamawanga a dzuwa pankhope amene simungawafufute pakompyuta. Komanso musawakankhire m'kati mwenimweni mwa mthunziwo. Aime m'mphepete, sitepe imodzi kuchokera pamene dzuwa lathera, atayang'ana kubwalo kowala, inu muli padzuwa. Kuwala kochokera pabwalo kumalowa m'maso mofatsa, ndipo khungu limaoneka ndi mtundu wake weniweni. Pansi pa mtengo khungu likhoza kutenga kamtundu kobiriwira ka masamba. Jambulani kaye pepala loyera pamalo omwewo, muikire white balance (choikira mitundu kuti choyera chizituluka choyeradi) pa pepalalo.

Pakakhala popanda mthunzi, dzuwa likhale kumbuyo kwa anthuwo, kenako mubweze kuwala pankhope. Chobwezera kuwala mutha kupanga nokha: katoni yaikulu ya mita imodzi, mbali ina mumate pepala loyera, mbali inayo foyilo wa kukhitchini amene mwayamba mwamukwinya kenako n'kumutambasula. Foyilo wosakwinya amathobwa m'maso ngati galasi. Wokuthandizani aime mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pa anthuwo, katoni ili pa msinkhu wa chifuwa chake, cham'mbali pang'ono. Akaigwirira pansi pa chibwano cha mkwatibwi, nkhope imaoneka ngati ya munthu wowotha moto usiku.

Fulashi imagwiranso ntchito yomweyi. Mphamvu yake itsitseni ikhale pa -1 kuti ingodzaza mithunzi, isaphe kuwala kwa dzuwa. Kumbukirani kuti makamera ambiri ang'onoang'ono a Canon salola shutter (chotsegula ndi kutseka kuti kuwala kulowe) kufulumira kupitirira 1/200 ya sekondi fulashi ikayaka, choncho padzuwa mudzakhala pa ISO 100 (ISO ndi mphamvu ya kamera yomvera kuwala), 1/200 ndi f/11 (kukula kwa bowo la lenzi: nambala ikakula, bowo limachepa). Pa f/11 kafulashi ka pamwamba pa kamera sikapitirira mamita awiri. Kwa akwati awiri kakwana, koma pa gulu la ankhoswe ndi aperekezi kangotha batire.

Yatsani chenjezo lija limaphethira pa sikirini pamene chithunzi chapsa, ndipo chepetsani kuwala mpaka diresi litasiya kuphethira. Mukajambula mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yatola), nkhope zakuda pang'ono mudzaziwalitsa pakompyuta, koma nsalu yopsa sibwerera. Gulu la mizere iwiri kapena itatu lijambuleni pa f/5.6 kapena f/8. Lenzi ya 50mm pa f/1.8, munthu ali mamita awiri, imangogwira bwino masentimita pafupifupi 11, ndiye a mzere wakumbuyo amatuluka mbuu. Tengani timapepala tofewa toti akwati azipukutira thukuta pamphumi musanajambule.

Ngati a komiti ya ukwati angakumvereni, pemphani mphindi 20 za akwati okha ola lomaliza dzuwa lisanalowe. Musazengereze nalo, chifukwa mu Juni ku Blantyre dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, ndipo likangolowa mdima suchedwa.

FUNSO: Ndimajambula kwaya yathu usiku m'tchalitchi ndi foni. Kanema amatuluka ndi mizere yakuda yoyenda kuchokera pansi kupita m'mwamba, nthawi zina kuwala kumaphethira. Maso anga saona zimenezi. Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Maso anu akunamizidwa, mayi, foni ikunena zoona. Magetsi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amayenda pa 50 Hz, ndipo mababu a machubu ndi a LED otchipa amawala ndi kuzilala maulendo 100 pa sekondi imodzi. Mafoni ambiri amabwera ataikidwa pa zithunzi 30 pa sekondi, muyeso wogwirizana ndi mayiko a magetsi a 60 Hz ngati America. Kamera ndi babu zikasemphana kayendedwe, mizere ija imabadwa.

Ikani foni pa 25 fps (zithunzi 25 pa sekondi), ndipo ngati ikulolani kusankha shutter, ikhale 1/50 kapena 1/100. Pa iPhone lowani mu Settings, Camera, Record Video, muyatse Show PAL Formats, ndipo 25 fps idzaoneka pa mndandanda. Pa Android, ngati kamera yobwera ndi foni ilibe chisankhochi, yesani Open Camera kapena Blackmagic Camera, zonse n'zaulere, ngakhale kuti yachiwiriyi sigwira pa foni iliyonse. Mukafuna kanema woyenda pang'onopang'ono pansi pa mababu, sankhani 50 kapena 100 fps pamene zilipo, osati 60 kapena 120.

Jenereta ili ndi khalidwe lake. Ikalemedwa ndi masipika ndi makibodi liwiro lake limasinthasintha, ndiye 1/50 mwina singathetse mizere. Lozetsani foni ku khoma loyera, musinthe shutter pang'onopang'ono mpaka mizere itaima kapena kutha. Ngati pali babu limodzi louma mutu, lizimitseni, mubwereke nyale ya batire kapena ya sola, pakuti zambiri za izo siziphethira motero.

FUNSO: Tinapanga filimu ya mphindi 7 ndi anzanga. Zithunzi zinatuluka bwino, koma tikaonetsa anthu amangofunsa kuti "akuti chiyani?" Tinagwiritsa ntchito maikolofoni ya pa kamera. Tigule yotani? Mnyamata wa ku Ndirande

YANKHO: Funso ili ndi limene tikadakonda aliyense akadafunsa asanajambule. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akapanda kumveka amadzuka n'kumapita. Ndipo chimene chakuvutani si mtundu wa maikolofoni, ndi mtunda. Maikolofoni ya pa kamera inali mamita atatu kapena anayi kuchokera pakamwa pa wosewera, ndiye inatola zonse mofanana: mawu, mphepo, njinga za kabaza, tambala wa aneba. Mukadula mtunda pakati, mawu amakwera ndi 6 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pamene phokoso la m'mudzi likhala pomwepo. Maikolofoni yotchipa ili masentimita 20 kuchokera pakamwa imaposa yodula ili kutali.

Njira yosalira ndalama ndi foni yachiwiri. Iikeni pa flight mode kuti isalire kapena kulowetsa kaphokoso ka netiweki, tsegulani pulogalamu yojambulira mawu, ndipo muiike m'thumba la malaya a wosewera mbali ya maikolofoni itayang'ana m'mwamba. Ngati pulogalamuyo ikulola, sankhani WAV pa 48 kHz, muyeso umene makanema amagwiritsa ntchito.

Mukapeza kandalama, gulani kamaikolofoni kopana pa malaya. Kakhale chikhatho chimodzi pansi pa chibwano, masentimita 15 mpaka 20. Mukakabisa m'kati mwa malaya, kamateni ndi pulasitala wa pa bala kuti kasakhulane ndi nsalu, ndipo wosewera avule mikanda ndi unyolo. Nsalu za nayiloni zimachita phokoso kuposa za thonje. Yang'anani pulagi yake musanalipire: ya mizere iwiri yakuda ndi ya kamera, ya mizere itatu ndi ya foni. Ambiri amabweza maikolofoni yabwinobwino kusitolo akuti ndi yakufa, chikhalirecho pulagi ndi imene sinagwirizane ndi bowo.

Pamene anthu awiri kapena atatu akulankhulana, mangirirani maikolofoni kapena foni ija ku nsungwi ya mamita awiri kapena atatu. Wogwira nsungwi aitsitse kuchokera pamwamba, iloze kukamwa kwa wolankhula, ifike pafupi mpaka itayamba kuoneka pa sikirini, kenako aikweze pang'ono. Akulunge nsalu pamene wagwira kuti zala zisamveke. Ayeneranso kudziwa mawu a sewero ngati osewera omwe, kuti azitembenuza nsungwi wina asanayambe kuyankha.

Mphepo ndi mdani wamkulu panja, makamaka kunyanja nthawi ya mwera. Kasiponji kobwera ndi maikolofoni sikakwanira. Pamafunika chophimba cha ubweya, ndipo mutha kusoka nokha ndi kansalu ka ubweya kodula ku chidole kapena ku kolala ya jekete la pa kaunjika. M'nyumba vuto ndi lina: simenti pansi, makoma osalala, malata opanda siling'i, mawu amangobwererabwerera ngati muli m'mgolo. Yalani mphasa kapena bulangete pansi, kolekani mabulangete ena kumbuyo kwa kamera, tsamiritsani matiresi kukhoma limene silikuoneka. Zimitsani firiji ndi fani. Mvula ikayamba pa malata, imani, palibe kompyuta imene idzaichotse bwino. Ndipo posankha malo, pitaniko tsiku lina pa ola lomwe mudzajambule, mukhale chete mphindi zisanu mutatsinzina. Chigayo, malo owotcherera zitsulo ndi sukulu yoweruka simuziona pa chithunzi, koma zonse zidzalowa mufilimu.

Wina mwa inu azivala mahedifoni nthawi zonse. Mulingo wa mawu uzisewera cha pa -12 dB, pofuula usapitirire -6. Ukagunda 0 mawu amang'ambika ndipo sakonzeka. Kamera ndi chojambulira mawu zikayamba, wina awombe m'manja kamodzi patsogolo pa kamera. Pokonza mudzalumikiza kugunda kwa manjako ndi nsonga ya phokoso lake. Mukamaliza pamalo aliwonse, onse akhale chete masekondi 30, mujambule bata la malowo, kuti mudzatsekere mipata podula. Ngati galimoto inadutsa pa chiganizo chofunika, wosewera achibwereze nthawi yomweyo pamalo omwewo kamera itazima. Akadzachinena mawa kuchipinda, khutu lidzazindikira kuti ndi chigamba.

FUNSO: Ndikajambula kanema masana ndi kamera yanga pa 1/50 monga amanenera, chilichonse chimayera mbee. Ndikakweza shutter, anthu amayenda modukizadukiza. Mtsikana wa ku Mzuzu

YANKHO: Padzuwa lathunthu, pa ISO 100 ndi 1/50, kamera imafuna f/22. Mukafuna kutsegula lenzi kuposa apo pamafunika fyuluta ya ND, imene ili ngati magalasi a dzuwa a lenzi. ND8 imakufikitsani pa f/8, ND64 pa f/2.8. Kukula kwa fyuluta kwalembedwa kutsogolo kwa lenzi kapena kuseri kwa chivindikiro chake, mwachitsanzo 52 kapena 58. Fyuluta zotembenuza zotchipa zimajambula mtanda wakuda pachithunzi mukazipotokola mpaka kumapeto, choncho musazifikitse kumeneko. Pakalipano, achemwali, 1/100 ndi f/16 sizioneka moipa, ndipo mumthunzi vutoli limachepa lokha.

FUNSO: Ndikufuna kugula kamera yogwiritsidwa kale ntchito kwa munthu amene wabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndiyang'ane chiyani kuti ndisagule mphaka m'thumba? Bambo wa ku Mangochi

YANKHO: Pitani ndi khadi lanu, tochi ya pa foni, ndi ola lathunthu. Wogulitsa wokana kuti muiyese, msiyeni.

Yambani ndi lenzi, bambo, chifukwa ndi imene imabisa matenda. Ichotseni pa kamera, muunike ndi tochi kuchokera kumbuyo mukuyang'ana cham'mbali. Timadontho ta fumbi tochepa tilibe kanthu, lenzi iliyonse ili nato. Koma mukaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, ndipo ikakhalitsa imadya utoto wa galasi. Tembenuzani zoom ndi focus, zisakhale ndi pogwira kapena phokoso la mchenga.

Kenako ikani f/22, jambulani khoma loyera kapena thambo, mukulitse chithunzicho. Madontho akuda ndi fumbi la pa sensa (kachipangizo kotola chithunzi kuseri kwa lenzi), limapukutika. Mzere wowongoka kapena chikanda ndi nkhani ina. Jambulani pa 1/4000 ndi pa sekondi imodzi kuti muone ngati shutter ikuyenda bwino konsekonse. Chiwerengero cha zithunzi zimene kamera yajambula chili ngati makilomita a galimoto: makamera ang'onoang'ono ambiri anapangidwa kuti afike cha pa 100,000. Pa Nikon chiwerengerochi chimalembedwa m'kati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse ndipo chimawerengeka pa intaneti, pamene pa Canon zambiri pamafunika kulumikiza kamera ku kompyuta. Suzumirani m'chipinda cha batire ngati muli dzimbiri kapena zoyera za madzi, ndipo jambulani kanema wa mphindi 10 kuti muone ngati batire likupirira. Tchaja chikhalepo.

Kamera yakale si yoipa. Canon 600D ya 2011 ndi Nikon D3200 ya 2012 zimajambulabe zithunzi zosindikizika bwino, ndipo zonse zili ndi bowo la maikolofoni, chinthu chimene Nikon D3400 ilibe. Dziwani kuti 600D imadula kanema fayilo ikafika 4 GB, pafupifupi mphindi 12, ndiye pa ulaliki wautali muzikhala tcheru. Ndalama yotsala musaithamangitsire ku lenzi yaitali ya zoom; 50mm f/1.8, kapena 35mm f/1.8 pa Nikon, idzasintha zithunzi zanu kuposa china chilichonse.

Poti muli kunyanja, tiwonjezere za kasungidwe. Nyengo ya dzinja musasiye kamera m'chikwama cha nsalu m'kabati, ndi mmene nkhungu imayambira. Isungeni m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Tikakhuta chinyezi tiumitseni mu uvuni wa moto wochepa, cha pa madigiri 100, kwa maola awiri. M'chilimwe mdani ndi fumbi ndi mchenga: sinthirani lenzi m'nyumba kapena m'galimoto, kamera itazima, kamwa lake litayang'ana pansi. Popukuta galasi yambani mwapopa ndi kampira kopopera mpweya. Mukayamba ndi nsonga ya malaya, kamchenga kamodzi kamalemba mzere wamuyaya.

FUNSO: Khadi langa la 128 GB linalemba kuti "error" nditajambula mwambo wonse wa maliro a agogo. Ndichite chiyani? Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Pepani ndi maliro, pepaninso ndi izi. Choyamba, lichotseni m'kamera ndipo musajambulireponso kanthu. Kompyuta ikakufunsani kuti ilichite format, kanani. Yesani PhotoRec kapena Recuva, ndi zaulere, ndipo zimene zapulumuka muzisungire pa kompyuta, osati pa khadi lomwelo. Zithunzi zimabwerera kawirikawiri, makanema amavutirapo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichingabwezedwe. Makhadi achinyengo ndi ambiri m'misika: kunja alemba 128 GB, m'kati muli 8 kapena 16. Limaoneka ngati likulandira mafayilo, chikhalirecho likadzadza limangolemba pamwamba pa akale kapena kutaya atsopano. Khadi latsopano lililonse liyeseni ndi H2testw musanalikhulupirire. Pulogalamuyi imalidzaza lonse n'kuwerenga ngati zonse zilimodi. Pa kanema sankhani lolembedwa U3 kapena V30, kutanthauza kuti silitsika pansi pa 30 MB pa sekondi. Pa mwambo wosabwerezeka, makhadi anayi a 32 GB ndi abwino kuposa limodzi la 128. Chitani format m'kamera, osati pa kompyuta, ndipo muchite zimenezi pokhapokha mafayilo atakhala malo awiri osiyana. Batire likayamba kufiira lekani kujambula, chifukwa kamera ikazima isanatseke fayilo, kanema yenseyo amawonongeka.

FUNSO: Filimu yathu imaoneka ngati sewero la pa siteji lojambulidwa. Tinayesa kusuntha kamera, koma tsopano owonera akusokonezeka kuti ndani akuyang'ana ndani. Gulu la achinyamata la ku Dedza

YANKHO: Chizolowezi cha zisudzo ndi champhamvu kwathu kuno, ndipo chili ndi ubwino wake, osewera athu saopa anthu. Koma pa siteji nkhani imanyamulidwa ndi pakamwa, pamene pa kanema imanyamulidwa ndi chimene kamera yasankha kuonetsa. Mayi amene mwana wake sanabwere kunyumba safunika kunena kuti "ndili ndi nkhawa". Tionetseni mbale ya nsima yovindikira, nyale ikutha mafuta, iye akusuzumira pakhomo.

Yambirani pa pepala. Tsamba limodzi la sewero lolembedwa mwa dongosolo la mafilimu limatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho filimu ya mphindi 5 ndi masamba asanu, anthu awiri kapena atatu, malo amodzi kapena awiri. Dulani malonje. M'moyo weniweni mlendo amaodira, amapatsidwa mpando, amafunsidwa za kunyumba mmodzimmodzi, ndipo n'zoyenera. Mufilimu yaifupi yambani pamene nkhani yafika pa mutu wake, pokhapokha ngati malonjewo ndi amene akuonetsa kuti pakati pa awiriwa pali chidani.

Chigawo chilichonse chijambuleni kangapo. Koyamba kamera ili patali, malo ndi anthu onse akuoneka, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kachiwiri pafupi ndi munthu woyamba, chigawo chonse. Kachitatu pafupi ndi wachiwiri, chonsenso, ngakhale pamene akungomvetsera, pakuti nkhope ya womvera nthawi zambiri ndi imene imakhudza mtima. Pomaliza tolani tizinthu: manja akutong'ola chimanga, kapu ikuikidwa pansi, kalata ikupindidwa. Timeneti ndi timene tidzakupulumutseni podula pamene wosewera anaphonya mawu.

Kusokonezeka kumene mukunenaku kuli ndi chifukwa chimodzi. Yerekezani kuti pali chingwe chomangidwa kuchokera pa munthu woyamba kufika pa wachiwiri. Kamera isankhe mbali imodzi ya chingwecho ndipo isadumphe. Mukatero, amene ali kumanzere amayang'ana kumanja nthawi zonse, mnzakeyo kumanzere, ndipo maso awo amakumana. Mukadumpha, onse awiri amayang'ana mbali imodzi ngati akulankhula ndi munthu wachitatu. Pophunzira, yalani chingwe chenicheni pansi kapena lembani mzere pa dothi ndi kamtengo. Ndipo mukasuntha kamera, isunthe mooneka, madigiri 30 kapena kuposa, kapena kukula kwa munthu pa sikirini kusinthe ndithu. Kusuntha pang'ono kumaoneka ngati kanema wadumpha.

Wina akhale ndi kope ndi foni yojambulira mmene zinthu zinalili: chitenje chinamangidwa mbali iti, tiyi anali pati m'kapu, chipewa chinali m'dzanja liti. Mthunzi nawo umayenda. Chigawo choyambika 8 koloko n'kumalizidwa 11 koloko sichilumikizika, choncho panja jambulani zapatali mwachangu, zapafupi muzimalizire mumthunzi umene mungaulamulire.

Ngati mukujambula ndi foni, pukutani lenzi, igwireni chopingasa, dinikizani chala pankhope mpaka focus ndi kuwala zitatsekeka, apo ayi chithunzi chizingowala ndi kuda munthu akasuntha. Musakoke zoom ndi zala, yandikirani ndi miyendo. Popanda tripod, thumba la mpunga kapena nyemba la kilogalamu imodzi pa mpando limagwira foni osagwedera. Siyani masekondi asanu musananene kuti ayambe, ndi asanu atamaliza. Jambulani mu 1080p. 4K ili ndi madontho ochuluka kanayi, imadzaza foni, imaitenthetsa, ndipo laputopu wamba imalephera kuikoka. DaVinci Resolve ndi yaulere koma imafuna kompyuta yamphamvu, Shotcut ndi Kdenlive zimapirira zofooka, CapCut imakwana pa foni. Podula, dulani munthu ali m'kati mochita chinthu, akukhala pansi kapena akutsegula chitseko, diso silizindikira msoko.

FUNSO: Makasitomala akasindikiza zithunzi zimene ndawatumizira pa WhatsApp zimatuluka zosaoneka bwino komanso zakuda. Wojambula wa ku Kasungu

YANKHO: WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo. Tumizani ngati Document, chimafika mmene chilili. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna madontho 1200 kwa 1800, cha A4 chimafuna 2480 kwa 3508. Sungani mu JPEG ndi sRGB. Kuda kuja kumabwera chifukwa sikirini yanu ndi yowala kwambiri pamene mukukonza. Itsitseni kufika pakati, musindikize chimodzi choyesera, muyerekeze pa kuwala kwa pawindo.

FUNSO: Ndikufuna kupanga kanema waufupi wa gule wamkulu kumudzi kwa amayi anga ku Mchinji, ndiikemo nyimbo ya woimba wina wotchuka. Pali choletsa? Wophunzira wa ku Zomba

YANKHO: Zilipo ziwiri, ndipo choyamba n'chachikulu kuposa kamera. Gule wamkulu si chionetsero chabe, ndi mwambo wa Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, umene UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Uli ndi eni ake. Pitani kwa amfumu masiku angapo mwambo usanachitike, mudzere kwa amalume anu kapena wamkulu wina wa banja, mufotokoze chimene mukufuna ndi kumene kanemayo akaonetsedwe. Iwo ndi akuluakulu a mwambo adzakuuzani poima ndi zoti musajambule. Kudambwe kamera sipita. Musatsatire zilombo zikachoka pabwalo, ndipo musalembe kapena kutchula dzina la munthu pa chilombo chilichonse. Ngati gule watuluka pa maliro kapena pa mpalo, pemphaninso kwa a banja. Konzekerani kusupa monga achitira ena onse, ndipo mukamaliza kukonza, kawaonetseni eni mudzi musanaike pa intaneti. Ana amene aoneke pafupi, makolo awo avomereze.

Pabwalo penipeni fumbi limakhala lambiri. Sankhani lenzi imodzi musanafike, musasinthe, ndipo kulungani kamera m'pulasitiki kusiya galasi lokha. Pa zithunzi ikani 1/500 kapena 1/1000 kuti mapazi aime. Khalani pansi, dzuwa likhale cham'mbali kapena kumbuyo kwa ovina pang'ono, fumbi limawala bwino kwambiri motero. Ng'oma zimang'amba mawu msanga: tsitsani mulingo pamene akuyesa ng'oma, ndipo foni yachiwiri ikhale kufupi ndi amayi oimba, apo ayi nyimbo yawo idzamira.

Nyimbo ya woimba wotchukayo ndi katundu wa mwini, wotetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa nyimbo m'dziko muno. Kulemba dzina la woimba kumapeto kwa kanema si chilolezo. YouTube ndi Facebook zimazindikira nyimbo zolembetsedwa, ndipo zitha kuzimitsa mawu a kanema wanu kapena kumutsekeratu. Ife tikuona kuti kanema wa gule safuna nyimbo ya mu situdiyo n'komwe, ng'oma ndi nyimbo za pabwalo zakwana. Ngati mukufunabe kanyimbo koyambira ndi kotsekera, pezani woimba wa gitala kapena kalimba wa kwanuko, apeke kake, mumujambule m'chipinda cha mabulangete chija, ndipo mulemberane pa pepala dzina la kanema, kumene akaonetsedwe, ndalama imene mwagwirizana ndi tsiku, nonse awiri musayine.